Josina Machel: kodi moyo wake umatiphunzitsa chiyani pa nkhani ya chikondi ndi kudzipereka?

Anambewe (Ulongwe)

Moni kwa nonse a pagulu lino, akuluakulu ndi achinyamata omwe. Tsiku la 7 de Abril (7 Epulo), lomwe ndi tsiku la amayi a ku Mozambique, layandikira, ndipo monga zimakhalira chaka ndi chaka, dzina la Josina Machel lidzatchulidwa m'mawa poika maluwa, kenako tsiku lonse lidzathera m'magule ndi m'madyerero. Chimene chimandivuta kwambiri n'chakuti olankhula ambiri akafuna kutolapo phunziro pa moyo wake, amangonena kuti mkazi azikonda mwamuna wake ndi kumupirira monga mmene Josina anakondera mwamuna wake Samora Machel, amene anadzakhala pulezidenti woyamba wa Mozambique. Ine ndikuona kuti phunziro limeneli ndi lopepuka kwambiri tikaliyerekeza ndi moyo umene mayiyu anakhala.

Tikumbutsane kaye zimene zinachitika. Josina Abiathar Muthemba anabadwa pa 10 Ogasiti 1945 ku Vilankulo, m'chigawo cha Inhambane, ndipo bambo ake anali namwino m'zipatala za boma la Apwitikizi. Ali pa sukulu ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo, analowa m'bungwe la ophunzira la NESAM, limene linkadzutsa achinyamata pa nkhani ya ufulu. Mu Malichi 1964, ali ndi zaka 18, anathawa ndi anzake kuti akalowe FRELIMO, gulu lomenyera ufulu wa Mozambique, ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania, koma anagwidwa ku Victoria Falls n'kubwezedwa m'manja mwa apolisi achinsinsi a Apwitikizi otchedwa PIDE, amene anamutsekera m'ndende miyezi ingapo. Atatuluka sanakhale pansi, koma anathawanso kudzera ku Swaziland, South Africa ndi Bechuanaland mpaka anakafika ku Dar es Salaam mu 1965. Ukwati wake ndi Samora unachitikira ku Tunduru, ku Tanzania komweko, mu Meyi 1969, ndipo iye anamwalira pa 7 Epulo 1971 ali ndi zaka 25. Mukawerengera bwino muona kuti banjalo silinakwanitse zaka ziwiri, pamene ntchito yomenyera ufulu anali ataiyamba kalekale asanakwatiwe.

Ndapatsidwa mwayi wolankhula kwa atsikana a pa sukulu yathu pa tsikulo, ndiye ndikupempha maganizo anu: kodi chikondi ndi kudzipereka zimene tingawaphunzitse kuchokera kwa mayi ameneyu ndi zotani, ndipo kodi pali zina m'moyo wake zimene sitiyenera kuwauza kuti atsanzire?

A Phiri (Furancungo)

Zikomo Anambewe poyambitsa nkhani imeneyi. Ine ndidaphunzitsapo mbiri ya Josina m'kalasi ndisadapume pa ntchito, ndipo ndikugwirizana nanu kuti amene amayambira pa ukwati amaiyambira nkhaniyi pakati. Pali zinthu ziwiri zimene ndikufuna kuwonjezera, ndipo zonsezi zidachitika Samora asadakhale mwamuna wake.

Atafika ku Dar es Salaam adagwira ntchito ku Instituto Moçambicano, sukulu ya ana othawa kwawo imene ankaiyendetsa Mayi Janet Mondlane, ndipo ali kumeneko adapatsidwa mwayi wokapitiriza maphunziro ku Switzerland. Mtsikana amene adali atalawa kale ndende ya PIDE, amene adayenda mayiko angapo mobisala, akadanyamuka kupita ku Ulaya palibe munthu akadamunena, pakuti FRELIMO yomweyo inkafuna anthu ophunzira. Iye adaukana mwayiwo nasankha kukaphunzira zausilikali ku Nachingwea, kumene adakagona ndi kudya pamodzi ndi atsikana a m'midzi, ambiri mwa iwo osadziwa kulemba ndi kuwerenga. Pamenepa palibe mwamuna amene adamukoka dzanja, ndipo ine ndimaona kuti chikondi chake choyamba chidali pa anthu wamba amene iye, monga mwana wa namwino wophunzira m'tauni, akadatha kuwatalikira mosavuta.

Chachiwiri sichitchulidwa kawirikawiri m'misonkhano, koma ine chimandikhudza kuposa zonse. Eduardo Mondlane, mtsogoleri wa FRELIMO ndiponso mwamuna wa Mayi Janet, ataphedwa ndi bomba lobisidwa m'phukusi pa 3 Febuluwale 1969, Josina adasamukira ku nyumba ya Mayi Janet kuti akakhale nawo m'chisoni chawo. Kwathu kuno tikudziwa kuti maliro akagwa anthu amadzaza pakhomo masiku awiri kapena atatu, koma akamwazikana namfedwa amatsala yekha ndi ana, ndipo amene amatsalira kumuphikira phala ndi kumulankhulitsa ndiye mnzake weniweni. Nthawi imeneyo m'gulu la FRELIMO mudali mikangano ndi mantha aakulu, moti kukhala m'nyumba imeneyo sikudali kopanda chiopsezo. Atsikana anuwo muwauze zimenezi, Anambewe, chifukwa ambiri amaganiza kuti chikondi ndi cha mwamuna ndi mkazi basi.

Anaphiri (Moatize)

Ndikupempha kuti mundilole ndilankhule monga namwino, ngakhale ndikudziwa kuti mawu anga sakoma m'makutu mwa ena. Mwana wa Josina, amene ankamutchula kuti Samito, anabadwa pa 23 Novembala 1969. M'chaka cha 1970 mayiyo anayamba kumva kupweteka m'mimba ndi kufooka, anapita ku Moscow kukaonana ndi madokotala, ndipo iwo atapeza kuti ndi khansa anamulangiza kuti apume ndi kusamala zakudya. Iye anabwerera ku ntchito. Chakumapeto kwa chaka chomwecho anasiya mwanayo m'manja mwa mnzake n'kuyenda pansi pafupifupi miyezi iwiri m'nkhalango za ku Niassa, ndipo mu Malichi 1971 analowanso ku Cabo Delgado, kumene anabwerako atatheratu mphamvu. Anamwalira m'chipatala cha Muhimbili mwana wake ali ndi chaka chimodzi ndi miyezi inayi.

Ulemu ndikuupereka ndithu, koma mbali imeneyi sindingaitenge kukaiika pamaso pa atsikana ngati chitsanzo. Amayi ambiri amene timawalandira m'zipatala amafika matenda atakula kale, ndipo mukawafunsa chimene anachedwera, mayankho ake amakhala ofanana: kunali kupalira, kunali kukolola, panalibe wowasiyira ana, bambo anali ku ntchito kutali. Onsewa amanena zimenezi monyadira pang'ono, chifukwa anakula akumva kuti mkazi wabwino ndi amene amadziiwala yekha. Tikaimirira pa 7 de Abril n'kumatamanda mayi amene anakana kupuma atalangizidwa ndi madokotala, popanda kuwonjezerapo mawu ena, ndiye kuti tikuwauza amayi athu kuti apitirize kugwira ntchito mpaka agwe.

A Banda (Zóbue)

Mayi Anaphiri, ndamva zimene mwanena ndipo sindikutsutsa za amayi a masiku ano, koma ndikuona ngati tikumuweruza munthu wa m'nthawi ya nkhondo ndi muyeso wa nthawi ya mtendere. Chaka cha 1970 ndi chimene asilikali a Apwitikizi, motsogozedwa ndi Kaúlza de Arriaga, anachita nkhondo yaikulu ya Nó Górdio ku Cabo Delgado, ndipo midzi yambiri inabalalika, ana ambiri anasiyana ndi makolo awo. Munthu amene anali ndi udindo wosamalira ana amenewo, yemwenso ankadziwa kuti matenda ake ndi aakulu, mwina anaona kuti kugona pa bedi sikumuwonjezera masiku ochuluka, ndipo anasankha yekha mmene angagwiritsire ntchito mphamvu zimene zinamutsalira. Kusankha koteroko ine sindingakutche kudzinyalanyaza.

Anankhoma (Dómue)

Ana anga, ndikufuna ndilowererepo pa nkhani ya mwana amene adasiyidwa, chifukwa ndaona kuti ikuwawa mitima. Anaphiri, mwanena zoona kuti mwana wa chaka chimodzi amafuna mayi wake, ndipo palibe amene angalowe m'malo mwa mayi kotheratu. Koma tisaiwale kuti ife Achewa sitidakhulupirirepo kuti mwana ndi wa munthu mmodzi. Mwana ndi wa mbumba, ali ndi amayi aang'ono, amayi aakulu, agogo ndi amalume, ndipo mayi akapita ku munda wakutali kapena akagonekedwa m'chipatala, mwanayo sagona ndi njala. Makolo adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sadanene zimenezi pongofuna kukometsa pakamwa.

Chimene nkhondo imachita ndi kuphwasula mbumba imeneyi. Mudzi ukawotchedwa, amayi aang'ono athawira uku, agogo afera m'njira, amalume ali kunkhondo, ndipo mwana amatsala wopanda aliyense womutchula kuti wanga. Ntchito imene Josina adapatsidwa mu 1969, pamene adamuika kukhala mkulu woyang'anira za chisamaliro cha anthu m'gulu la FRELIMO, idali yowapezera ana otere pokhala. Adakonza malo olerera ana amasiye ku Tunduru ndi m'madera amene adali m'manja mwa omenyera ufulu ku Niassa ndi ku Cabo Delgado, ndipo maulendo amene mwatchulawo adali okaona ngati anawo akudya, akuvala ndi kuphunzira. Choncho adasiya mwana wake mmodzi m'manja mwa munthu wodalirika kuti akaone ana ambiri amene adalibe manja ena owalandira. Kaya tikuvomereza kaya sitikuvomereza, tiyenera kunena nkhaniyi yonse.

Ife a ku Angónia zimenezi sitikuzimva ngati nthano. M'zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo yachiwiri, ya pakati pa boma ndi RENAMO, idafika kwathu ndipo anthu adakhamukira ku Dedza ndi ku Ntcheu, amayi ambiri adawoloka malire atabereka ana amene sadali awo, ena adawatola m'njira osadziwa ngakhale mfunda wawo, ndipo adawalera m'misasa mpaka mtendere wa 1992. Ena mwa ana amenewo lero ndi akuluakulu okhala ndi mabanja awo, ndipo amatchula kuti amayi munthu amene sadawabale. Ine ndikamva dzina la Josina ndimakumbukira amayi amenewa, ndipo chikondi chimene ndingafune kuti adzukulu anga aphunzire ndi chimenechi, chosafunsa kaye kuti mwanayu ndi wa yani.

A Mwale (mzinda wa Tete)

Agogo Anankhoma afika pafupi ndi nkhani imene yakhala ikundivuta, ndipo ndikupempha kuti musandione ngati wonyoza. Muno mu mzinda muli dera lotchedwa Josina Machel, ku Maputo kuli sukulu yaikulu ya dzina lomwelo, ndipo mafupa ake, amene poyamba anaikidwa m'manda a Kinondoni ku Dar es Salaam, anasamutsidwira ku Praça dos Heróis, malo ogonekako ngwazi za dziko ku Maputo. Funso langa ndi lakuti, kodi akanakhala kuti sanakwatiwe ndi munthu amene anadzakhala pulezidenti woyamba wa dziko lino, tikanamukumbukira chonchi?

Gulu la asilikali aakazi la Destacamento Feminino linakhazikitsidwa pa 4 Malichi 1967, ndipo amene analiyamba anali atsikana a m'midzi ya kumpoto, monga Marina Pachinuapa ndi Paulina Mateus, amene achinyamata ambiri sadziwa n'komwe mayina awo. Kuno kwathu nkhondo itayambiranso mu Malichi 1968, amayi ndi atsikana ndi amene ankasenza zida, mankhwala ndi chakudya pamutu kuchokera ku malire a Zambia, kuyenda usiku m'mapiri ndi m'tchire kulowera ku Zambezi, ena ali ndi ana kumsana. Anthu a ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo anaphedwa mazanamazana pa 16 Disembala 1972 chifukwa chowaganizira kuti akuthandiza omenyera ufulu, ndipo ambiri mwa iwo anali amayi ndi ana. Amenewa anapereka zonse, koma mayina a ambiri mwa iwo sakumbukiridwa.

Sindikunena kuti Josina sanagwire ntchito. Ndikunena kuti tikamaphunzitsa kudzipereka pogwiritsa ntchito munthu mmodzi yekha, wa banja lophunzira ndiponso mkazi wa mtsogoleri, mtsikana wa ku Chifunde kapena ku Marávia angaganize kuti ungwazi ndi wa anthu a kutali, pamene mwina agogo ake enieni, amene amakhala nawo pakhomo tsiku ndi tsiku, anasenzapo bokosi la zipolopolo.

Anambewe (Ulongwe)

A Mwale, theka la mawu anu ndalilandira ndi manja awiri, ndipo ndibwereranso kwa inu pa nkhani ya agogo athu. Koma pa funso lakuti kodi ukwati ndi umene unamukweza, zaka zikutsutsana nanu. Mu Julayi 1968, kutatsala miyezi khumi kuti akwatiwe, Josina anali kale nthumwi ku msonkhano waukulu wachiwiri wa FRELIMO umene unachitikira ku Matchedje, ku Niassa, ndipo kumeneko analankhula poteteza ufulu wa amayi wotenga mbali m'nkhondo mofanana ndi abambo. Musaiwale kuti m'gululo munali akuluakulu ena amene sankafuna kuona mkazi atanyamula mfuti, ndipo ankati malo a mkazi ndi kumunda ndi kumoto. Samora mwiniyo anasankhidwa kukhala pulezidenti wa FRELIMO mu Meyi 1970, patatha chaka chathunthu chikwatiraneni.

N'zoona kuti imfa yake ali wamng'ono, ndiponso dzina la mwamuna wake, zinathandiza kuti tsiku lake lisankhidwe kukhala tsiku la amayi onse patangotha chaka chimodzi atamwalira. Koma anakumana ndi Samora ali kale pa njira imene anaisankha yekha, ndipo ine pamenepa ndi pamene ndikuona phunziro la atsikana: anakwatiwa ndi munthu amene anamupeza akupita kumene iye ankapita, sanasinthe njira kuti atsatire mwamuna.

Anangozo (Tsangano)

Ndine wamng'ono pakati panu, choncho mundikhululukire ngati ndilankhula mopyola. Mawu amene Anambewe anayamba nawo, akuti mkazi azipirira monga Josina, ife atsikana timawamva kwambiri, osati pa 7 de Abril pokha. Timawamva kwa anankungwi, timawamva pa chilangizo cha ukwati, ndipo mkazi akathawira kwa ankhoswe atatupa nkhope, kawirikawiri amabwezedwa ndi mawu akuti banja ndi kupirira. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti munthu amene akumutchula kuti atitsekere pakamwa ndi yemwe anakana kupirira. Boma la atsamunda linkafuna kuti akhale chete, amalize sukulu ya zamalonda, apeze ntchito ya mu ofesi ndi kuthokoza, koma iye anathawa, anagwidwa, anatsekeredwa, ndipo atatuluka anathawanso. Bambo ake ndi abale ake ena analowanso m'ndende chifukwa cha nkhani yomweyo, kusonyeza kuti anakulira pa khomo limene silinkaphunzitsa ana kugonjera choipa.

Tionenso msinkhu wake. Ali ndi zaka 18 anali pa sukulu akuganizira za dziko, ndipo anakwatiwa ali ndi zaka 23, atadziwa kale chimene akufuna pa moyo wake. Kuno m'midzi yathu mukupezekabe atsikana amene amasiyitsidwa sukulu n'kulowetsedwa m'banja asanakwanitse zaka 18, ngakhale lamulo la 19/2019 limaletsa zimenezi, monganso lamulo la 29/2009 limaletsa nkhanza za m'banja zochitira amayi. Mtsikana wotere akauzidwa kuti adzipereke kwa mwamuna wake, ine sindikuona kudzipereka kulikonse, chifukwa munthu amapereka chimene ali nacho ndiponso mwa kufuna kwake. Iyeyo sanapereke, anachita kulandidwa.

A Maseko (Lifidzi)

Mwana wanga Anangozo, mwalankhula momveka, ndipo ine monga munthu amene ndaimapo ngati nkhoswe m'maukwati a abale anga sindikana kuti ankhoswe ena amabweza mkazi kumalo kumene sayenera kubwerera. Koma ndikupempha kuti mawu akuti kupirira tisawataye onse chifukwa cha anthu amene amawagwiritsa ntchito molakwika. Josina adapirira zambiri: ndende, njala ya m'njira, kutalikirana ndi makolo ake amene sadawaonenso mwaufulu, ndiponso banja limene mwamuna ndi mkazi ankakhala nthawi yaitali osaonana chifukwa wina ali ku malo ophunzitsira asilikali, wina ali m'tchire la Niassa. Kupirira kumeneku kudali kwa anthu awiri osenza katundu mmodzi, ndipo mavuto ankachokera kunja kwa nyumba, osati m'manja mwa mwamuna.

Mabanja ambiri kuno ali m'mavuto ofanana nawo pang'ono, pakuti abambo ali ku migodi ya malasha ku Moatize, ena ku Beira, ena ku Johannesburg, ndipo amayi atsala ndi minda ndi ana. Banja lotere likapanda kupirira silingaime. Chimene ankhoswe tiyenera kuchita ndi kusiyanitsa pakati pa umphawi, matenda ndi mtunda, zimene anthu okondana amazipirira limodzi, ndi chibakera kapena chipongwe, zimene palibe mwambo wa makolo umene udatilamula kuziteteza.

A Phiri (Furancungo)

Ndaona kuti tonse tikufunsa zimene atsikana angaphunzire, ngati kuti anyamata nkhaniyi siikuwakhudza. A Maseko atsegula khomo, ndiye ndiloleni ndilowe. Samora adali mkulu wa asilikali onse a FRELIMO pamene ankakwatira, ndipo akadafuna kuti mkazi wake akhale pakhomo kulera mwana, adali ndi mphamvu zonse zochitira zimenezo. Koma mbiri ikuonetsa kuti udindo waukulu wa Josina udapitirira atalowa m'banja ndiponso atabereka. Ndi amuna angati kwathu kuno amene amalola mkazi kupita ku maphunziro a miyezi iwiri ku Tete kapena ku Chimoio popanda kumuwerengera masiku ndi kumuganizira zoipa? Ndadziwapo aphunzitsi aakazi aluso amene adakana kukwezedwa pa ntchito chifukwa kukwezedwako kukadafuna kuti asamuke, ndipo bambo kunyumba adangoti ayi.

Chinanso n'chakuti mkazi wake atamwalira, Samora adamulira poyera, mpaka adalemba ndakatulo yomulira imene ana a sukulu akhala akuilakatula kwa zaka zambiri. Msilikali wamkulu sadachite manyazi kuonetsa kuti mtima wake wasweka, pamene ife timaphunzitsa anyamata kuti mwamuna salira. Ena amadandaula kuti adakwatiranso, popeza mu 1975 adakwatira Graça Simbine, koma ine sindiona cholakwika pamenepo. Ngakhale pa mwambo wathu, wamasiye akalira nthawi yokwanira akuchimuna kapena akuchikazi amamusudzula kuti akayambenso moyo, ndipo kutero sikufafaniza chikondi cha pa malemu.

Anaphiri (Moatize)

A Phiri, pamene mwayamikira kuti mwamuna sanamuletse kugwira ntchito, ine ndi pomwe ndili ndi funso lina. Kulola mkazi kugwira ntchito yake ndi chikondi, ndikuvomereza, koma kumuona akuwonda ndi kufooka n'kumulola kuyenda pansi miyezi iwiri, kodi pamenepo sipankafunika munthu womugwira dzanja n'kumuuza kuti akhale pansi, ena apite? Sindikuloza Samora yekha chala, ndikunena gulu lonse limene linkamuzungulira. Munthu wodzipereka kawirikawiri sadziwa polekezera, ndipo amene amamukonda ndi amene ayenera kumuikira malire.

Agogo Anankhoma, mawu anu a mbumba andigwira mtima, koma ndikufuna kuti mbumba yomweyo izigwiranso ntchito mayi akadali moyo. Ngati amayi aang'ono angathe kulera mwana mayi wake atamwalira, angathenso kumusunga tsiku limodzi kuti mayiyo apite kukayezetsa khomo la chiberekero kapena chotupa cha m'bere chikadali chaching'ono. Kwa a Banda ndingoti, mwina n'zoona kuti masiku ake anali owerengeka kale, koma amayi amene adzamve nkhaniyi ambiri matenda awo ndi ochizika akafulumira, ndipo iwo sadzasiyanitsa.

A Banda (Zóbue)

Pali chinthu chimodzi cha pa ulendo wake womaliza chimene mwina chingatiyanjanitse, Mayi Anaphiri. Pochokera ku Cabo Delgado, atafika pa malire obwerera ku Tanzania, Josina anavula mfuti yake yaing'ono n'kuipereka kwa amene anali naye kuti akaipereke kwa mkulu wa asilikali, chifukwa anadziwa kuti iye sangapitirize. Sanaumirire kuti ntchitoyo ndi yake yekha, ndipo malo olerera ana aja sanatsekedwe iye atapita. Mu 1973 amayi anzake anakhazikitsa bungwe la amayi a ku Mozambique la OMM, limene lilipo mpaka lero. Ine ndikuona kuti munthu amene amakonda ntchito kuposa dzina lake amakonzeratu oti adzaitenge.

Anaphiri (Moatize)

Nkhani imeneyo ndikuidziwa, a Banda, ndipo ndi yokhudza mtima. Koma anaipereka mfutiyo kutatsala masiku ochepa kuti amwalire, pamene ine ndikanakonda akanaipereka atangobwera ku Moscow. Pamenepa sitigwirizana, ndipo si vuto kuti atsikanawo amve mbali zonse ziwiri.

Anambewe (Ulongwe)

Ndathokoza nonse. Ndaganiza kuti sindikawapatsa atsikanawo yankho lophikaphika, koma ndikawafotokozera za ulendo wa ku Niassa ndi wa ku Cabo Delgado monga mmene zinachitikira, kenako ndikawafunsa kuti akanakhala mng'ono wake wa Josina akanamuuza chiyani, ndipo anyamata ndikawafunsa funso la a Phiri lija la mkazi wopita ku maphunziro. Anaphiri, ngati mungathe kundilembera mwachidule zizindikiro zimene mayi sayenera kuzengereza nazo, ndikaziwerenga pamapeto pa msonkhano wa makolo.

A Mwale, ndinalonjeza kuti ndibwerera kwa inu. Ndikufuna kuwatuma ophunzira kuti akafunse agogo awo zimene anachita m'nthawi ya nkhondo, kaya kusenza katundu, kuphikira asilikali kapena kulera ana a eni, ndipo alembe mayina ndi midzi yawo kuti tikawawerenge pamodzi ndi dzina la Josina. Kodi mukuona kuti zimenezi zingatheke bwanji popanda kukhumudwitsa anthu?

A Mwale (mzinda wa Tete)

Zingatheke, Anambewe, koma pafunika kusamala pa zinthu zingapo. Ana asapite okha ndi kope m'manja ngati apolisi, koma adzere kwa amayi awo kapena kwa amalume, ndipo afotokoze kaye chimene akufunira nkhaniyo. Agogo ena sadzafuna kulankhula, makamaka za nkhondo yachiwiri ija imene inagawanitsa abale a mimba imodzi, ndipo amenewo asakakamizidwe. Enanso anakhala m'midzi ya mpanda imene Apwitikizi ankasonkhanitsiramo anthu mokakamiza, ndipo angaope kuti anena zowachititsa manyazi, pamene kusunga ana amoyo m'malo amenewo inalinso ntchito yaikulu, choncho funso lisakhale lakuti munamenya nawo nkhondo kodi, koma lakuti munasamalira ndani. Dzina lililonse lisawerengedwe pagulu mwini wake asanavomere, ndipo ngati anamwalira, avomere ndi a m'banja lake. Mukadziwitsenso amfumu musanayambe, chifukwa ana akayamba kuyenda m'makomo kufunsa za nkhondo iwo asakudziwa, nkhaniyo idzafika kwa iwo itapotoka.